Njinga yothamanga kwa wa m'thumba mopepuka: zoyenera ndi zosayenera

Njinga ya mahandulo opindikira pansi ndi matayala owonda, ija ambiri amangoti ya mpikisano, yayamba kukopa anthu amene kale sankaiyang'ana n'komwe. Biniam Girmay wa ku Eritrea atapambana zigawo zitatu za Tour de France mu 2024 n'kuvala jezi yobiriwira, zinaonekeratu kuti masewerawa si a azungu okha. Koma si onse oifuna amene akulota mpikisano. Ena adokotala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ena atopa ndi mitengo ya minibasi ndi mizere ya mafuta. Chowavuta onsewa ndi chimodzi, ndalama. Njinga zimenezi pamodzi ndi zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chinakwera, kuyambira felemu mpaka chubu. Munthu wa ndalama zochepa alibe mwayi wogula kawiri. N'chifukwa chake ndikulimbikira mfundo iyi: gulani njinga yokukwanani thupi, imene zipangizo zake zimapezeka kumene mukukhala. Dzina, utoto ndi kupepuka zibwere pambuyo.

Zoyenera: Yambani mwaganizira msewu umene muziyendamo. Njinga iyi anaipangira phula. Ngati kuchokera pakhomo pali kamtunda ka fumbi musanalowe mu tala, ipirira, bola matayala akhale okulirapo. Ngati ulendo wanu wonse uli wa miyala ndi mchenga, mukufunika maunteni, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Zosayenera: Musaisenzetse katundu. Zambiri zilibe n'komwe pomangira kaliyala, ndipo magudumu ake sanapangidwire thumba la chimanga kapena mwana wa sukulu kumbuyo. Ntchito imeneyo ili ndi eni ake: njinga zakuda za akabaza, kapena Buffalo ya bungwe la World Bicycle Relief imene kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100.

Zoyenera: Dziyezeni musanapite kukaona njinga iliyonse. Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amathamangapo. Vulani nsapato, tsamirani khoma, panani buku pakati pa miyendo ngati mwakhala pa chishalo, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Muyezo umenewo muuchulukitse ndi 0.883, njira imene inatchuka ndi Greg LeMond, katswiri wa ku America amene anapambana Tour de France katatu. Yankho lake ndilo kutalika kwa chishalo kuchokera pakati pa shafuti ya mapedulo. Wa mwendo wa masentimita 80 chishalo chake chikhale pafupifupi masentimita 70 ndi theka. Felemu nazo zili ndi manambala. Munthu wotalika masentimita 165 nthawi zambiri amakwana pa 50 kapena 52, wa 175 pa 54, wa 183 pa 56 kapena 58. Makampani sayeza mofanana, choncho manambalawa ndi poyambira chabe. Chomaliza ndi thupi lanu: mukaima njinga ili pakati pa miyendo, chitsulo cha pamwamba chisakuguguzeni, mukakhala pa chishalo n'kugwira pamwamba pa zogwirira mabuleki, zigongono zipindike pang'ono, khosi lisachite kukokeka. Amayi ndi anthu a mapewa aang'ono ayang'anenso kutambalala kwa mahandulo. Njinga zambiri zimabwera ndi a masentimita 42, pomwe ena amafunika a 38 kapena 40.

Zosayenera: Musamvere wogulitsa akamati "muzolowera, bwana" kapena "tingotsitsa chishalo, madamu". Kutsitsa chishalo kumathandiza mwendo kufika pa pedulo, koma sikufupikitsa mtunda wa pakati pa chishalo ndi mahandulo. Njinga yokukulirani imapweteketsa msana, imachititsa dzanzi m'manja, ndipo pa mtsetse zala sizifika bwino pa mabuleki. Njinga zotere zimathera kuseri kwa chitseko, mwini wake akunena kuti masewerawa ndi ozunza. Mukagwera pakati pa masaizi awiri, tengani yocheperapo, chifukwa yaing'ono imatheka kuitalikitsa posintha kachitsulo kogwira mahandulo, pamene yaikulu ilibe mankhwala.

Zoyenera: Gawani ndalama zanu musanalowe mumsika. Ine ndimati magawo atatu mwa anayi apite ku njinga, gawo lotsalalo likhale la zinthu zimene simungayende popanda izo: helemeti, pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, makiyi a Allen a mamilimita 4, 5 ndi 6, loko, ndi nyali za kutsogolo ndi kumbuyo. Njinga ya kaunjika imafunanso kaye mawaya atsopano, mphira za mabuleki ndi girisi. Misewu yathu m'malo ambiri ilibe m'mphepete moyenda njinga, ndipo pa M1 mumagawana msewu ndi mathiraki. Nyali yofiira ya kumbuyo ndi malaya owala si zokongoletsa.

Zosayenera: Musagule helemeti ya kaunjika. Zam'kati mwake zimagwira ntchito pophwanyika kamodzi, ndipo imene inagwapo kale imaoneka yabwinobwino kunja. Yatsopano yotsika mtengo ikwanira, bola m'kati mukhale chizindikiro cha EN 1078 kapena CPSC chosonyeza kuti inayesedwa. Nsapato zomangirira ku mapedulo ndi zovala za mpikisano zidikire chaka chamawa.

Zoyenera: Sankhani felemu ya aluminiyamu kapena ya chitsulo. Pafupifupi njinga zonse zoyambira za makampani odalirika, monga Giant Contend, Specialized Allez, Trek Domane AL ndi Triban ya ku Decathlon, ndi za aluminiyamu, ndipo zimalemera makilogalamu 10 kapena 11. Zakale za chitsulo chabwino, zimene zili ndi kachikwangwani ka Reynolds 531, Tange kapena Columbus pa felemu, musazinyoze poona ukalamba wake. Chitsulo chimapirira, chikapindika chimawongoleka, ndipo chikasweka wowotcherera waluso angathe kuchilumikiza. Aluminiyamu akang'aluka ndiye kuti felemuyo yatha, pakuti kumuwotcherera kumafuna zida zapadera ndi kumutenthetsanso mwaukadaulo. Choncho pukutani fumbi, muyang'ane polumikizira ponse, makamaka kunsi kwa khosi la njinga ndi pozungulira shafuti. Kamzere kowonda ngati tsitsi pa utoto kangathe kukhala mng'alu. Utoto wokwinyika kuseri kwa khosi, pamodzi ndi foloko yobwerera m'mbuyo, zikukuuzani kuti njingayo inaombapo chinthu ndi kutsogolo. Masulaninso chitsulo chonyamula chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika, chifukwa cha aluminiyamu chikakhalitsa mu felemu ya chitsulo chimamatirira moti ena amachita kuchidula.

Zosayenera: Musatengeke ndi kaboni wotsika mtengo. Felemu ya kaboni ikamenyedwa imatha kusweka m'kati kunja kuli see, ndipo tsiku lothyoka sichenjeza. Njinga ya kaboni imene ikugulitsidwa pa mtengo wa aluminiyamu ili ndi chifukwa chake: mwina inavulala, mwina ndi yonamizira dzina, mwina ndi yakuba. Za kupepuka nazo musazitengere pamtima. Bungwe loyendetsa masewera a njinga la UCI sililola njinga yochepera makilogalamu 6.8 pa mipikisano yake, ndipo kuti munthu afike pamenepo amalipira ndalama zogulira galimoto. Inu ndi njinga yanu mukamakwana makilogalamu 80, kilogalamu imodzi ndi gawo limodzi lokha mwa 80. Simungaimve pa ulendo wa ku ntchito.

Zoyenera: Dziwani makwerero a magiya a Shimano, poti ndiwo muziwapeza pa njinga zambiri. Pansi pali Tourney, kenako Claris wa magiya 8 kumbuyo, Sora wa 9, Tiagra wa 10, kenako 105, Ultegra ndi Dura-Ace amene ali ndi 11 kapena 12. Kwa munthu wa kwathu kuno woyamba kumene, Claris ndiye ndimamuvomereza ndi mtima wonse. Chifukwa chake si kutsika mtengo kokha. Tcheni cha magiya 6, 7 ndi 8 n'chamtundu umodzi, chomwecho chimene chimalowa pa maunteni ambiri odzaza m'misika yathu, kotero chikaduka muli ku Balaka kapena ku Kasungu muli ndi mwayi wopeza china tsiku lomwelo. Cha magiya 11 n'chowonda, chodula, ndipo mwina mudzachita kuitanitsa ku Joni n'kudikira masabata. Zida za kampani ya microSHIFT, zimene zimapezeka pa njinga zina zotsika mtengo, zimagwira ntchito bwino ndithu.

Chachiwiri, werengani mano a magiya. Izi ambiri sazichita, komabe ndizo zimagamula ngati mudzakwera chitunda muli pa chishalo kapena mukukankha. Funani mbale ziwiri za kutsogolo za mano 50 ndi 34, ndipo giya yaikulu ya kumbuyo ikhale ya mano 32 kapena 34. Mukaika tcheni pa 34 kutsogolo ndi 32 kumbuyo, kupalasa kamodzi kumazungulitsa gudumu kamodzi ndi pang'ono chabe, ndiye miyendo imapepukidwa. Njinga zakale za mpikisano zimakhala ndi 53 ndi 39 kutsogolo, 23 kapena 25 kumbuyo, ndipo giya yake yopepukitsitsa imazungulitsa gudumu kupitirira kamodzi ndi theka. Ku dziko lachigwa zilibe kanthu. Koma ife tili ndi chikweza cha Ku Chawe pa phiri la Zomba, cha Chiweta, cha kuchokera ku Golomoti kukwera ku Dedza, ndi chija cha kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre. Ngakhale mzinda wa Blantyre wokha ndi zitunda zokhazokha. Mawondo a munthu woyamba sangapirire magiya a akatswiri m'malo otere.

Zosayenera: Musayese ubwino wa njinga ndi kuchuluka kwa magiya. Magiya 16 osankhidwa bwino amaposa 22 amene simungathe kuwasamala. Musathawenso njinga yakale chifukwa timitengo take tosinthira magiya tili pa felemu osati pa mahandulo. Zosinthira zolumikizana ndi mabuleki, zimene Shimano anayamba kugulitsa mu 1990, n'zokoma kugwiritsa ntchito, koma m'kati mwake muli tizitsulo tambirimbiri, ndipo zikafa sizikonzeka kawirikawiri. Kugula zina kungakudyereni ndalama zoyandikira mtengo wa njinga ya kaunjikayo. Timitengo ta pa felemu sitifa wamba, ndipo makanika aliyense wa pansi pa mtengo amatidziwa. Pogula njinga ya zosinthira za pa mahandulo, dinani giya iliyonse kukwera ndi kutsika. Ikadumpha imodzi, funsani chifukwa musanapitirize nkhani ya mtengo.

Zoyenera: Werengani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala. Mufune 622, mwachitsanzo 25-622 kapena 28-622. Nambala yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu m'mamilimita, ndipo 622 ndiyo saizi imene pa sitolo amati 700c. Pa misewu yathu tayala la mamilimita 28 ndi labwino kuposa la 23, ndipo felemu ikalola 32 ndiye mwapata. Tayala lonenepa limameza mabampu, siliphwa msanga mukagunda m'mphepete mwa dzenje, ndipo pa phula lokhakhala silichedwetsa njinga monga anthu ankaganizira kale. Onani mpata umene watsala pakati pa tayala ndi foloko, ndi kunsi kwa mabuleki, chifukwa njinga zambiri zakale sizilandira choposa 25. Werenganinso masipoko. Gudumu la masipoko 32 kapena 36 likathyoka imodzi limakufikitsani kunyumba, ndipo wokonza njinga wa pamsika aliwongola ndi manja. La masipoko 16 kapena 20 likathyoka imodzi limapotoka mpaka kukhula felemu.

Zosayenera: Musasokoneze masaizi ofanana m'maso. Njinga zina zakale za ku Britain, America ndi Japan zili ndi malimu a mainchesi 27, amene nambala yake ndi 630. Zakuda zathu zija za 28 ndi 635. Maunteni a 26 ndi 559. Kusiyana kwa 622 ndi 630 ndi mamilimita 8 okha, koma tayala la imodzi silingalowe pa inzake, ndipo la 630 n'losowa. Musachokenso pa sitolo musanaone valavu. Njinga zothamanga zambiri zili ndi valavu yowonda yotchedwa Presta, imene pampu ya pa filing'i siteshoni siigwira popanda kachitsulo kolumikizira. Kachitsuloko n'kotchipa, kaguleni kakhale m'thumba. Ndipo musayende ndi mpweya woperewera: tayala la 28 kwa munthu wa thupi lapakati limafuna 5 kapena 6 bar, ndipo likafewa limu imatsina chubu n'kusiya mabowo awiri oyandikana amene savomera chigamba chimodzi.

Zoyenera: Khutirani ndi mabuleki a mphira ogwira limu. Ndi opepuka, osavuta kusintha, ndipo mphira zake zimapezeka. Pitirizani chala pa limu pomwe mphira imagwira. Pakakhala pokumbika ngati ngalande, limuyo yadyeka ndipo ingathe kuphulika. Yesaninso kuti dzanja liti likugwira gudumu liti. Njinga za ku Britain ndi Japan buleki ya kutsogolo imakhala kumanja, pomwe za ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere. Munthu amafunika kudziwa zimenezi asanafike pa mtsetse.

Zosayenera: Musaonjezere ndalama chifukwa chongofuna mabuleki a disiki. A mafuta amagwira bwino kwambiri pa mvula, koma amafuna zida ndi mafuta akeake. A waya otsika mtengo nthawi zambiri saposa a mphira abwino.

Zoyenera: Pitani ndi tepi yoyezera pokagula ya kaunjika, muyeze tcheni. Kuchokera pakati pa pini imodzi kufika pa pini ya 24 kutsogolo kwake, tcheni chatsopano chimakwana mamilimita 304.8, amene ndi mainchesi 12 ndendende. Chikapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, chatha. Chikapitirira ndi mamilimita 3, chadyanso mano a magiya a kumbuyo, ndipo mukadzaika chatsopano chizidzalumpha mpaka mutasintha zonse. Mano osongoka ndi opendekera mbali imodzi akunena zomwezo. Gwedezani gudumu lililonse cham'mbali, gwedezani mapedulo, gwirani buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga uku ndi uku. Kugogoda kulikonse ndi mabering'i otha kapena omasuka. Zonsezi zimakonzeka, koma muziwerengere mtengo wake pamaso pa wogulitsa, ndipo autsitse.

Zosayenera: Musanyengedwe ndi njinga zongovala maonekedwe. M'masitolo ena muli zatsopano zonyezimira, za mahandulo opindika ndi mayina ofanana ndi a makampani otchuka, koma mukazinyamula zikulemera makilogalamu 14 kapena kuposa. Pa felemu alemba Shimano ndi zilembo zazikulu, pomwe cha Shimano ndi chosinthira tcheni cha kumbuyo chokha, zina zonse n'zachitsulo chofewa chimene chimapindika mukamanga nati. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa ndalama zomwezo, njinga ya zaka khumi ya kampani yeniyeni, yosamalidwa bwino, idzakutumikirani nthawi yaitali kuposa yatsopano yoteroyo. Kunena zoona, zimandiwawa kuona wachinyamata amene wasunga ndalama miyezi yambiri akuzitaya pa chinthu chimene chiyamba kuphwasuka mvula yoyamba isanathe.

Zoyenera: Tembenuzani njinga muone nambala yake yosindikizidwa kunsi kwa felemu, pomwe pamadutsa shafuti. Ijambuleni pa foni, ilembedwenso pa lisiti kapena pa kalata ya mgwirizano pamodzi ndi dzina la wogulitsa ndi nambala ya chiphaso chake, pakhalenso mboni. Ogula ku Britain angathe kufufuza nambalayo pa BikeRegister kuti aone ngati njingayo inalembedwa kuti inabedwa.

Zosayenera: Musagule njinga yofufutidwa nambala, kapena kwa munthu wofulumira amene sakudziwa ngakhale kusintha magiya a njinga imene akuti ndi yake. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akaipeza mudzataya njinga ndi ndalama zomwe. Musatumizenso ndalama pa foni chifukwa cha chithunzi cha pa Facebook kapena WhatsApp. Chithunzi sichionetsa mng'alu.

Zoyenera: Ngati m'bale wanu wa ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain ndiye akukugulirani, mutumizireni miyezo yanu iwiri, msinkhu ndi mwendo, ndipo mumuuze za Claris, za 50 ndi 34, ndi za 28-622. Kumeneko njinga zogwiritsidwapo ntchito n'zambiri chifukwa opalasa ndi ambiri. Mpikisano wa Cape Town Cycle Tour wokha, wa makilomita 109, umasonkhanitsa anthu zikwi zambiri mwezi wa Malichi chaka chilichonse. M'bokosi aikemo tcheni china, matayala awiri, machubu, mphira za mabuleki, ndi kachitsulo kopachikapo chosinthira cha kumbuyo. Kachitsulo kameneka anakapanga kuti kazipindika njinga ikagwa pofuna kupulumutsa felemu, koma mtundu uliwonse wa njinga uli ndi kakekake, ndipo kusowa kwake kumaimitsa njinga yonse. Mtengo wa transipoti ndi za msonkho wa pa chipata muzifunsiretu kwa wonyamula.

Zosayenera: Inu achimwene ndi achemwali otumiza, musasankhe njinga yapamwamba kwambiri poganiza kuti ndiyo mphatso yabwino. Ya magiya 12 osinthidwa ndi batire ndi matayala opanda chubu idzakhala chokongoletsa pabalaza tsiku limene kanthu kamodzi kadzafe. Tumizani imene m'bale wanu angathe kuikonzetsa pa msika wa kwawo.

Zoyenera: Ikwereni musanalipire, ndipo pasakhale pongozungulira pabwalo. Pezani kachitunda, imirirani pa mapedulo, sinthani magiya onse, gwirani mabuleki mwamphamvu, mvetserani phokoso. Tenganinso makanika wa njinga amene mumamukhulupirira, osati mnzake wa wogulitsayo, ndipo mumulipire pa ntchito yoona njingayo. Akauza wogulitsa kuti "apa pali vuto, achimwene", ndalama imene itsike pa mtengo iposa imene mwamupatsa.

Zosayenera: Musachite manyazi kubwerera chimanjamanja. Wogulitsa akakana kuti muikwere, kapena akakana kuti makanika wanu aigwire, bwezerani ndalama m'thumba mukayang'ane kwina.